Tiketi Inapita ndi Sitima Yake

Senderani pafupi, inu amene mumandiseka kuti munthu wa ku Bembeke sadya mbatatesi. Khalani pansi mumve chimene ndinazidera.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo pa tchalitchi. Chaka chimenecho bambo ake a Rozina anali atapita ku esiteti ya fodya, osabwerako, osatumiza ngakhale moni. M'nkhokwe munali mphepo yokha. Titatuluka mu Misa, aNambewe, mayi amene ankagula mbatatesi kwa alimi n'kukagulitsa ku Limbe, anandikoka chitenje. "Iwe NaJere, ndamva kuti suba. Mawa ubwere."

Ntchitoyo inkafuna maso. Zazikulu uko, zapakati uko, zotemeka ndi khasu pambali, pakuti imodzi yabala imawoletsa thumba lonse. Sutsuka ayi, umangoziyanika pamthunzi kuti dothi liyoyoke lokha. Ukathira m'thumba umagwedeza, pamwamba n'kuyala udzu wouma, kenako n'kusoka ndi singano yaikulu yopindika ija ndi chingwe cha khonje. Zala zinkang'ambika ndi chisanu, koma Rozina wanga ankadya, kusukulu ankapita.

Tsono aNambewe anati atsogole ku Limbe, ine ndibwere pambuyo ndi katundu. Masiku amenewo sitima ya anthu inkaima pa Golomoti kamodzi pa sabata. Podutsa pamenepo anandigulira tiketi, ya ine ndi matumba omwe, n'kuitumiza ndi mwini lole amene ankatitsitsira katundu pa Khwekhwerere. Uthenga unali wakuti, "Sitima ndi Lachinayi. Ukafikitsa katunduyu, ntchito ndi yako mpaka ukalambe." Ndinaimanga pamfundo ya chitenje pamodzi ndi kolona.

Lachitatu, matumba onse atasokedwa, tinamva mfuu kuseri kwa nyumba. Mwana wa aNagama watisiya. ANagamawo ndi amene anandigwira msana pobereka Rozina. Nanga ndikanachoka bwanji? Kwathu kuno maliro amaimitsa zonse. Khasu limagona, ukwati amausuntha, ngakhale wokuyitana pa mlandu ukangoti "kunali maliro," amati "pepani" nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinkayesa kuti mawu amenewa amatsegula khomo lililonse padziko. Ndinakhala m'nyumba ya siwa, ndinatunga madzi, tinaika mwana Lachinayi lomwelo. Lachisanu ndinakweza matumba pa lole, mtima uli m'malo.

Pa siteshoni panali zii. Ndinamasula mfundo, n'kupereka tiketi pazenera ndi manja awiri.

"Mayi, sitima yanu inadutsa dzulo," anatero kalaliki.

"Ndikudziwa, bambo. Kunali maliro. Ndidikira inayo."

"Pepani ndi malirowo. Koma iyi yatha ntchito."

"Yatha bwanji poti sindinakwere? Taionani, sinang'ambike n'komwe."

Munthuyo sanali wankhanza ayi. Anavula magalasi n'kundiuza pang'onopang'ono kuti malo anga anapita ku Limbe opanda munthu, ndipo malowo ndi amene aNambewe analipira. Akanatha kundisinthira tsiku ndikanawauza sitima isanadutse.

"Ndikanakuuzani bwanji ndili pamanda?"

Anangotambasula manja. "Mugule ina, mayi. Tiketi imapita ndi sitima yake."

Ndigule ndi chiyani? Lole inali itabwerera. Mbatatesi zinali za eni, sindikanayerekeza kugulitsa. Ndinakokera matumba pansi pa mtengo ndi kukhala pamenepo.

Ana inu, ku Golomoti kumatentha. Mbatatesi ya kumapiri ili ngati ife, kuchigwa siipirira. Matumba anayamba kutuluka thukuta, kenako madzi akuda, kenako ntchentche. M'mawa uliwonse ndinkasomola chingwe, kusankha, kusokanso. Mulu wa zowola unkakula, wa zabwino unkachepa. Pamene ndinalimba mtima kuti ndigulitseko, amayi a kumeneko ankadutsa atatseka mphuno. Mkazi wa kalaliki uja ankandipatsira phala, koma fungo linali litandilowa pakhosi, phalalo silinkatsika.

Sitima yochokera ku Limbe itafika, anatsika ndi aNambewe, kudzafuna katundu wawo. Anayang'ana mulu uja, anayang'ana ine. Ndinagwada. "Kunali maliro, mayi."

"Tsono poti unakhalira, mwanayo wadzuka?"

Anandilanda singano, napinda matumba awo opanda kanthu. Khwekhwerere ndinakwera wapansi, ndikulira ngati maliro aja ayambiranso.

Chimene ndinatola n'chakuti mawu amene amakupulumutsa kwanu amathera pamalire a mudzi. Kunja kuno ukaona kuti ulephera, tuma munthu zinthu zisanachitike. "Pepani" wapambuyo sakweza munthu sitima.

ANambewe anadzukanso pa malonda awo, anagula lole yawoyawo, koma mpaka kufa kwawo ankandipatsa mtendere mu Misa akuyang'ana kumbali. Kalaliki uja sindinamuonenso. Bambo ake a Rozina tinamva kuti anakwatira ku esiteti komweko. Rozina anasiya sukulu chaka chomwecho, anapita kukalera ana a eni ku Lilongwe, ndipo anabwerako wodwala, wosachiranso. Pa maliro ake, aNagama anasiya chimanga chawo m'munda chikudyedwa ndi chiswe, n'kukhala nane mpaka kusesa. Sindinawauzepo zimene maliro a mwana wawo anandidyera, ndipo inunso musakawauze. Akandibweretsera mbatatesi za kudimba kwawo ndimalandira ndi manja awiri, n'kukupatsani inu.