Zimene ndinkafunsa tambala

Ine ndi Sitandade 4 yangayi ndinkakhulupirira kuti mwana akabadwa wolefuka, ndiye kuti bambo wake ankazembera mkazi. Tsempho basi. Ndinkalumbira nazo.

Mdzukulu wanga wamkazi anabadwa wofewa ngati nsanza yonyowa, osalira, bere osaligwira. Bambo wake, mkamwini wathu, ankapalasa kabaza pa Muloza, masiku ena n'kugonera kutsidya kwa malire ku Milange. Kwa ine mlandu unathera pomwepo.

Mkamwini sanenedwa pamaso, choncho ndinkadzera kwa tambala. Mnyamatayo akamatsamiritsa njinga, ine: “Tambala iwe, dzulo wagona khola la yani? Anapiye ako akudwalatu kuno.” Anthu kuseka. Iye ankangopukuta tcheni. Tsiku lina anamanga chikwama pakaliyala, osabweranso. Ankangotumiza sopo.

Mwanayo atayamba kuyenda, zinatembenuka: kudya osakhuta, mpaka kutola makoko a nthochi kudzala. Adokotala a ku Blantyre anatumiza magazi ake kunja. Potenga zotsatira ndinaperekeza mwana wanga, mayi wa mdzukuluyo, jekete nditavala.

Adokotala anati munthu amalandira malangizo a thupi awiriawiri, a kwa mayi ndi a kwa bambo. Ena thupi limawaika kachizindikiro koti akhale chete. Ndinamva msanga, poti kuesiteti kapitawo ankazika kambendera pamunda woti tisathyole: tiyi alipo, koma dengu osalowa. Pamalo ena pamayankhula a kwa bambo okha, ndiye mwa mdzukulu wangayu kambendera kanazikidwanso pa a kwa bambowo.

“Eyaa, a kwa bambo!” ndinatero, n'kudzimenya pantchafu. “Ndinanena ine.”

“Ayi, agogo,” anatero adokotala. “Si khalidwe la munthu. Ngakhale akanamagona m'tchalitchi, zikanachitikabe.”

Mwana wanga sanandiyang'ane. M'minibasi monse mpaka pa Chinakanaka mdzukulu anali pamiyendo pa mayi wake akulirira mandasi. Ine amene sindisowa chonena ndinkangoona mitengo ikudutsa. Mwana wofuna maso a anthu awiri, woti chakudya chizitsekeredwa, ndinamusiyira mayi yekha chifukwa chofuna kuseketsa anthu.

Usiku ndinawafotokozera akazi anga zonse, za kambendera zomwe, mwina andiyamikire nzeru. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

“Mawa mukwere yoyamba ya ku Muloza,” anatero. “Tambalayo mumusiye pano. Mukayankhule nokha.”