Kapepala ka Pachitseko Chathu

Chilimwe chimenecho Kanyama yense, komboni yathu ya mu Lusaka, ankanunkha simenti. Ukadzuka m'mawa, fungo la mabuloko ongoumbidwa kumene linkayamba kukupeza, la makala ndi zitumbuwa n'kubwera pambuyo. Aliyense amene anali ndi kamalo kokwana mphasa ankamangapo chipinda. Bwalo limene tinkaseweramo phada linatha ndikuona: Lolemba anakhoma zikhomo, Loweruka khoma linali m'chiuno, mwezi usanathe munali banja la ku Petauke likuyanika matewera. Pampopi mzere wa zigubu unkakhota mpaka kuseri kwa tchalitchi, ndipo unkamva Chibemba, Chitonga ndi Chilozi zikulimbirana kuti chayamba kufika ndi chigubu cha yani.

Ife tinkakhala pa puloti ya a Mwanza: zitseko khumi ndi chimodzi, chimbudzi chimodzi. Chitseko chathu chinali chakumapeto, pafupi ndi khoma. Tinali asanu: amayi, ine, alongo anga awiri aang'ono ndi agogo, bambo awo a amayi. Agogo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzafuna ntchito, nakalambira mu Lusaka, koma analibe reji, chiphaso chija cha nzika. Akaona yunifomu iliyonse, ngakhale ya mlonda wa pasitolo, ankapeza msanga chochita m'nyumba.

Ndiye kunamveka kuti a kalembera akubwera kudzawerenga anthu khomo ndi khomo. Kusukulu aphunzitsi anati nyumba iliyonse yowerengedwa idzamatidwa kapepala pachitseko. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kapepalako ndinkakafuna kuposa nsapato za Khirisimasi. Agogo nkhaniyi anaimva mwina. Kwa iwo, boma likafunsa kumene unabadwira ndiye kuti lole yokubweza kwanu yaima kale pakona.

Tsiku limene a kalembera anafika mumsewu mwathu, agogo anakhoma loko, naunjika matumba a makala a aneba pachitseko kuti chioneke ngati mosungira katundu. Tonse anatikusa ngati mbuzi kupita kwa azakhali ku Chawama. Titabwerako, zitseko khumi zinali ndi timapepala tonyezimira. Chathu chinali ndi mwaye.

"Imwe simuli bantu," anatero Chanda, mtsikana wa chitseko chachitatu, amene ankandiposa msinkhu ndi pakamwa pomwe. "Boma sinakupendeni. Banapenda na kamwana katu ka mu mpapa."

Kupenda, m'Chinyanja cha mu Lusaka, ndiko kuwerenga. Ndinalira, sindibisa. Khanda losadziwa ngakhale dzina lake linali m'buku la boma, ine wodziwa kuchulukitsa ndi seveni mulibe! Masiku awiri mawu a Chanda sanandichoke m'mutu. Tsiku lachitatu amayi atandituma mafuta ophikira, ndinaona mayi wina wa kalembera misewu iwiri kuchokera kwathu, atakhala pabuloko, akudzipepesa mphepo ndi chipewa. Nsapato zake zinali zitayera ndi fumbi. Ndinaima patsogolo pake, botolo lili m'manja.

"Anti, simunatipende ise. Tinkala kumbuyo, pa ba Mwanza."

"Paja pa malasha?" anafunsa, akunena matumba a makala aja. "Pankala bantu paja?"

"Tili faifi."

Ananyamuka n'kunditsata. Tikulowa pa puloti m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Agogo anali pampando pakhomo akumwa tiyi, ndipo ataona malaya a boma kumbuyo kwanga, anasiya kumwa n'kuyang'ana kuchitseko. Sanathe kuthawa. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinaona lole ija m'maganizo, agogo ali pamwamba ndi kathumba kawo, wowakweza ndili ine.

Mayi uja anagwada pang'ono, nawapatsa moni waulemu, amayi n'kumupatsa kampando. Anafunsa mayina, nafunsa amene anagona m'nyumbamo. Aneba anali atatuluka onse kudzaonerera, Chanda ali kutsogolo. Kenaka funso lija linafika.

"Agogo, munabadwila kuti?"

Agogo anaika kapu pansi. Anakonza kolala ya shati, nawongola msana, ngati munthu amene wati chibwere chibwere.

"Ku Ntcheu. Ku Malawi."

Mayi uja analemba. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangopitiriza kufunsa zaka zawo, ntchito imene ankagwira, ndiponso kumene timatunga madzi. Atamaliza anapukuta mwaye pachitseko ndi chikhatho chake, namata kapepala, nakasisita ndi chala kuti kagwire bwino.

"Basi?" anafunsa agogo.

"Basi, agogo. Mwapendewa."

Agogo anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho, chiseko chochokera m'mimba, mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee. Anaitana mlongo wanga kuti athamange akagulire mlendo chakumwa chozizira, nayamba kumuuza mayi uja zinthu zimene sanafunsidwe n'komwe: kuti pamene iwo ankafika, kuno kunali miyala ndi udzu, ndipo munthu ankatha kudziwa aneba ake onse ndi mayina. Ine zimenezo ndinalibe nazo ntchito. Ndinamukoka Chanda padzanja mpaka pachitseko kuti awerenge yekha, ndipo ndinamuuza kuti kathu n'kowala kuposa kawo. Kanalidi kowala, poti kanali katsopano.

Masiku amenewo ndinkayesa kuti nkhondo inali ya ine ndi Chanda, ndipo ndinaipambana. Panapita zaka ndisanamvetse chimene agogo ankafunsa ndi "basi" wawo uja. Mzinda unkalandira anthu tsiku ndi tsiku, obwera dzulo n'kumadzitcha eni ake mawa, pamene iwo amene anauona uli tchire ankayendamo monyang'ama. Ine kapepalako ndinakadikira masiku awiri. Agogo anali atakadikira kuyambira amayi anga asanabadwe.