Adadi a pakhoma la chigayo

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, ngalawa zili gada pamatope ku Kachulu, ndinawauza akazi anga kuti basi, ine wa ku Joni. Matemba kunalibe, ndipo kachigayo kathu ka mpunga kankangokhala duu. Mwana wathu Tadala anali akukwawa. Mantha anga anali amodzi: kuti mwanayu adzakula osandidziwa.

Ku Joni ndinapeza ntchito yoika makamera m'masitolo. Ndalama zinkabwera, zina ndinkatumiza, chigayo n'kuyambanso kulira madzi atabwerera. Koma kusungulumwa, abale inu! Lamulungu ndinkangokhala m'kachipinda, kuyang'ana denga. Mayi a Tadala anali ndi kafoni ka mabatani, ndiye tinkangomvana mawu. Akamupatsa mwana foni, ankaiponya pansi.

Kuntchitoko n'kumene ndinaphunzira kuti mwini sitolo amatha kuona kamera yake ali kutali. Chinsinsi chili mu rauta, kabokosi kolowetsa intaneti kaja. Umatsegulamo khomo limodzi lolunjika ku kamera, n'kulitseka ndi mawu achinsinsi. Ndinati, nanga ine ndilekerenji? Ndinagula kamera ndi karauta kotchipa, ndinakonzeratu zonse, n'kutumiza pa basi.

"Kodi bambo a Tadala, mukufuna muzindilonda?" anandifunsa mayiwo.

"Iyayi, ndikufuna ndizimuona mwana."

"Chabwino. Koma tsiku lomwe sindinapese musaseke."

Kamerayo anaikhoma okha pakhoma la chigayo. Kwa masiku angapo ndinkaona bwalo lathu, matumba a mpunga, njinga za makasitomala. Kenako mdima bii. Batire la sola likangotha, karauta kaja kankaiwala khomo lija, ndipo kunalibe woti n'kukakonzanso. Ndinapsa mtima ngati ndaberedwa.

Ulendo wachiwiri sindinathamangire kutchipa. Ndinapita kusitolo ya zipangizo za mabizinesi kukagula rauta ina, n'kumuvutitsa wogulitsa. Ndinamuuza atsegule khomo lija ndikuona, kenako azimitse rautayo, ayatsenso, azimitsenso. Khomo linali pomwepo. Ndinafunsanso ngati imalowa simu, komanso ngati ingapirire kutentha ndi fumbi la mankhusu. Iye anandichenjeza kuti simu wamba siloleza munthu wakunja kulowa, ifunika ya bizinesi yokhala ndi adiresi yakeyake. Imeneyo mayi a Tadala anakaitenga ku Zomba pa minibasi, akudandaula njira yonse.

Rauta yatsopanoyo ndinaitumizanso pa basi, ndipo kuyambira pamenepo siinandikhumudwitsepo. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkatsegula foni, ndipo mayi ake ankamuimika Tadala pabwalo, iye n'kukweza kadzanja kubayibitsa kamera. Ndinamuona akuyamba kuthamanga, akuthamangitsa abakha, atavala diresi lomwe ndinatumiza. Nanenso ndinkabayibitsa foni ngati wamisala. Sindinaganizepo n'komwe kuti iye sakundiona.

Patapita zaka zingapo ndinabwerera kumudzi, ndinatsika minibasi ku Kachulu mtima uli m'mwamba. Fungo la matemba linali lomwe lija. Mayi a Tadala analulutira mpaka anthu kutuluka m'chigayo. Koma mwana atandiona anathawira kuseri kwa matumba.

"Tadala, adadi ako awa!"

Iye anapukusa mutu n'kuloza pakhoma. "Adadi ali apo."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma m'kati zinandiwawa kwambiri. Zaka zonsezi ine ndinkamudziwa mpaka kachipsera ka pabondo, pomwe iye ankadziwa kabokosi koyera.

M'mawa mwake ndinalawirira kuchigayo n'kukaima pansi penipeni pa kamera ija. Tadala anatuluka monga mwa masiku onse, anaima pamalo pake, n'kukweza dzanja. Nane ndinakweza langa. Anayang'ana kamera, anayang'ana ine, kenako anatembenuka akukuwa:

"Amayi! Lero adadi ayankha!"

Rauta ija ikugwirabe ntchito, ndimaonerapo chigayo ndikapita kukagula mpunga kwa Mwambo. Koma m'mawa sinditsegulanso foni. Ndimapita kukaima pakhoma paja.