Nkhululu za Kumanda

Ndili m'nkhalango ya kumanda, khasu lili m'manja, ndikukumba nkhululu. Ndikudziwa kuti za kumanda sitidya, koma kunyumba kulibe ndiwo. Dzuwa lili paliwombo, komabe nkhululu zikulira ngati kwada.

Ndikufukula kamulu ka dothi lofiira. Nkhululu yaikulu ngati nkhuku ikukokera nsalu kuuna m'malo mwa masamba. Ndi chitenje chobiriwira chija tinawafunditsa achemwali anga powaika m'manda.

Potembenuka, achemwaliwo akhala pachitsa, mapazi ali mbuu.

"Iwe, ukundigumulira khomo," akutero. "Mvula ikagwa ndigona pati?"

"Pepani achemwali, ndimafuna ndiwo za Tadala."

Tadala ndi mwana wawo amene anandisiyira.

Achemwali akutsika pachitsapo. Akupisa dzanja kuunako, akutulutsa nkhululu imodziimodzi, akuzithyola miyendo n'kumandiponyera m'mbale.

"Ukakazinge ndi mchere wochepa. Sakonda wambiri."

Ndikufuna kuwagwira dzanja, koma alowa kale, ndipo akutseka una ndi dothi ali m'kati.

Ndadzuka misozi ili m'masaya. Tadala akusesa pabwalo mwakachetechete. Za mcherezo mwanayu sanandiuzepo.