Kuli Nkhungu

Mwana wathu atakwanitsa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, anasiya kudya. Sankadwala. Ankangotseka pakamwa basi. Phala la nsinjiro, dzira, nthochi, mbatata, zonse ankakankha ndi dzanja. Kusikelo anesi anandionetsa mzere wa m'buku lake: miyezi itatu osakwera. Anati ukapanda kukwera mwezi wotsatira, adzatitumiza kwa adokotala. Ntchito yanga inandizoloweza kulemba chilichonse, choncho ndinayamba kuwerenga masipuni amene wameza. Tsiku labwino ankakwana asanu.

Amuna anga ndi amene anati tikamusinthire mphepo. Kwawo ndi ku Mtakataka, ndipo achemwali awo aakulu amakhala miyezi ina pa kachilumba kena, komwe amagula usipa kwa asodzi n'kumayanika. Tinagwirizana zonyamuka mu Lilongwe Lachisanu, kubwerera Lamulungu.

Lachitatu alamuwo anandiimbira foni.

"Mlamu, bwerani ndithu, koma ndikuuzirenitu. Masiku ano kuno kuli nkhungu."

"Nkhungu? Ine ndinakulira momwemo. Kwathu ku Dedza boma tinkapita kusukulu osamuona wakutsogolo."

Anadabwa. "Mpaka kuphiriko?"

"Chaka chilichonse."

"Ee, ndiye ndinu anzathu. Simudzavutika."

Ndinalongedza majuzi atatu a mwana, chipewa cha ubweya, masokosi ndi bulangete. Malo atachepa m'chikwama, ndinatulutsa neti. Pa Golomoti, tikudikira minibasi yachiwiri thukuta lili kamukamu, amuna anga anatsegula chikwamacho kufuna madzi.

"Majuziwa ndi a chiyani, mayi?"

"Mudzandithokoza mawa," ndinatero. Sanafunsenso, nanenso sindinafotokoze.

Kuchoka pa Mtakataka tinakwera kabaza mpaka kugombe, kenaka boti la injini, mphindi makumi anayi. Chilumbacho ndinachizungulira chonse m'mphindi khumi ndi ziwiri. Panali zisakasa zinayi zaudzu, matandala asanu ndi awiri oyanikira usipa, ndi chimbudzi chimodzi chotchinga ndi thumba la feteleza. Miyala imene poyandikira ndinkaiyesa yopaka laimu inali yoyera ndi zitosi za mbalame. Mchenga unali wosakanikirana ndi mamba a nsomba, ndipo mwana atangoponda, mapazi ake anayamba kunyezimira. Ntchentche zinkachoka ku chimbudzi kupita pa usipa, kuchoka pa usipa kubwera pa ife. Tsiku limenelo anameza masipuni awiri.

Loweruka cha m'ma teni, ndikutakasa phala, ndinaona utsi pakati pa nyanja. Unali mizati itatu yakuda, yaitali ngati ya moto wolusa.

"Kukupsa chiyani pamadzi?" ndinafunsa.

Alamu anaponya mpeni pansi. "Si zija ndinkanena, mlamu! Achimwene, tengani malichero!"

Apa ndiyenera kulemba zimene aliyense wa kunyanja amadziwa, zomwe ine wa kumtunda ndinazimva mochedwa. Kwathu nkhungu ndi chifunga chozizira cha m'mawa. Kunyanja nkhungu ndi tizilombo touluka, tochepa kuposa udzudzu, totuluka m'madzi mwa unyinji wosawerengeka n'kutengedwa ndi mphepo. Sitiluma, koma timalowa paliponse.

Dzuwa linachita mdima. Tizilomboto tinalowa m'mphuno, m'makutu, m'maso, m'tsitsi, m'kati mwa bulauzi. Nditatsegula pakamwa kuti ndikuwe, ndinatafuna. Phala limene ndinaphika ndi ufa wosefa kawiri linada pamwamba ngati wathiramo makala. Ndinamuvindikira mwana juzi kumutu, ndipo imeneyi ndiyo ntchito yokhayo imene majuzi aja anagwira pathupi pake. Analira ndi kutentha, naivula yekha.

Amuna anga, munthu amene kunyumba amasita ngakhale kampango ka m'thumba, anali atavula malaya. Ankaviika lichero m'madzi n'kumalizungulitsa m'mwamba ngati akuvina, kwinaku akuseka mano ali bii. Lichero likada, alamu ankakokolola ndi dzanja n'kuponya m'beseni. Mphepo itatembenuka, beseni linali litadzaza phala lakuda lonyerera, lina likuphiriphitabe.

Alamu analifinya, naliumba timitanda, natikulunga m'masamba n'kuwiritsa. Fungo lake sindingalifanizire ndi nsomba yowola, chifukwa nsomba yowola ndimaidziwa ndipo ndimaipirira. Ili linali la matope a pansi pa chithaphwi, lokhala ndi kamafuta kokakamira kukhosi. Timitanda tina anatiyanika pa thandala, tikuoneka ngati ndowe za ng'ombe. Tina anatiphwanya mu chiwaya, nathira mchere ndi tomato.

Ndinathawira kuseri kwa miyala. Ndinasanza, kenaka ndinatsuka m'mutu katatu. Pamadzi pankayandama tizilombo takufa, ndiye sindikudziwa ngati ndinkachotsa kapena kuwonjezera.

Pobwerera ndinapeza mwana ali pamiyendo pa azakhali ake, milomo ili bii, dzanja lili m'mbale.

"Mukumupatsa chiyani?"

"Ine? Ndamupatsa liti? Akudzitengera yekha, mwini wake wa kunyanja."

"Alamu, ndi tizilombo timeneti!"

"Nanga ngumbi zanu za kumtunda zija ndi nkhuku?"

"Ife tonse tinakula nazo, taonani thupili," anatero amuna anga, akudzimenya pamimba pomwe panali patamatirira tina.

Ndinatambasula dzanja kuti ndilande mbaleyo. Mwana anaikumbatira, nandiyang'ana ngati wakuba. Kenaka anatapa, naika m'kamwa, natafuna, nameza. Dzanja langa linatsala m'malere, ndipo ndinazindikira kuti ndayamba kale kuwerenga. Anatapa kakhumi ndi kanayi. Mbale itayera anaikweza kwa azakhali ake.

"Zina."

Ndinakhala pamwala, pa zitosi pomwepo. Alamu anamuwonjezera, nasakaniza ndi mbatata yomweyo imene kunyumba ankaitaya pansi. Anamaliza.

Lamulungu m'mawa nkhungu zakufa zinali zitaunjikana m'mphepete mwa madzi, zikununkha kuposa dzulo lake. Ndinatsuka makapu kawiri, tiyi ndinamwa nditatseka mano. Alamu anandilongedzera mitanda isanu ndi umodzi youma. Ndinaikulunga m'nyuzipepala, kenaka m'majumbo atatu, kenaka m'majuzi aja. Mu minibasi ya ku Golomoti mayi wina anafunsa kondakitala ngati pansi pa mpando pafera khoswe. Ndinayang'ana kunja.

Kunyumba nkhunguzo ndinazipatulira kapoto kake, sipuni yake ndi kamtondo kake, zomwe zimakhala panja. Ndinkasinja nditamanga mpango kumphuno, n'kuthira kaufako pang'ono m'phala. Mpaka lero sindinalawepo mwadala, ndipo majuzi aja ndinawachapa kanayi ndisanawataye.

Mwezi wotsatira anesi anamupachika pa sikelo, nayang'ana, namupachikanso kachiwiri. Analemba kadontho pamwamba pa kakale kaja.

"Mayi, mwamusinthira chiyani?"

Kumbuyo kwanga kunali mzere wa amayi ena, onse makutu ali tcheru.

"Nkhungu," ndinatero chapansipansi.

"Eya, mphepo yozizira imatsegula mtima wa mwana," anatero anesi, akundibwezera buku. Malankhulidwe awo anali a kumtunda kwathu. Ndinavomera ndi mutu, n'kutuluka.