Thadzi limene tinapita nalo ku Mua

Amayi anga sankadziwa kuti munthu angachoke pakhomo kukangoona malo. Kwa iwo ulendo unali wa maliro, wa matenda kapena wa ukwati. Choncho tsiku limene abambo ananena kuti Loweruka tipita ku Mua, amayi anaika chipande pansi n'kufunsa kuti, "Akudwala ndani kumeneko?"

"Palibe akudwala," anatero abambo. "Tikungokaona nyumba zakale za kumishoni."

"Nyumbazo zatani?"

Abambo anagwirapo ntchito yophika ku Halale, ndipo anabwerako ndi jekete limodzi ndi maganizo ambiri. Ankati azungu awo Lamlungu ankanyamula ana kukayang'ana matchalitchi ndi zipilala, osalowa m'nyumba ya munthu aliyense. Amayi ankati kumeneko ndi kusowa abale.

Koma ulendowu unali ndi mutu wake, ndipo tonse atatu tinkaudziwa. Ndinali nditamaliza makalasi a sukulu ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Golomoti, ndipo aphunzitsi anati ndikapitirize ku Mua, kogonera komweko. Amalume anali atavomera. Amayi okha ndiwo anakana. Ana awo awiri anali atawaika kale m'manda, ndinatsala ndekha, ndipo ankati sangapereke mwana kwa anthu osawadziwa nkhope. Ine sukuluyo ndinkaifuna mpaka chakudya osatsika, koma kutsutsa amayi sindikanatha.

Loweruka m'mamawa amayi anagwira thadzi lawo lamawanga n'kulimanga miyendo ndi luzi.

"Nanga nkhukuyo ndi ya chiyani?" anafunsa abambo.

"Ine sindinafikepo pakhomo pa eni ake chimanjamanja."

"Kulibe amene akutiyembekeza, amayi," anatero abambo.

"Malo opanda mwini kulibe," anatero amayi, thadzi lili kale m'khwapa.

Tinakwera sitima pa Golomoti, kenako tinayenda pansi kuchokera pa siteshoni kukwera kumishoni. Unali mwezi wotentha, koma abambo jekete sanavule. Ankaloza chilichonse ngati njerwa zake anaumba ndi iwo. Anationetsa nyumba yosanja ya ansembe, natiwerengera makwerero ake. Amayi anangoti, "Ndiye ena amagona pamwamba pa anzawo?" Tinatsikira kumtsinje kukaona miyala ikuluikulu imene madzi anaikumba maenje. M'tchalitchi ndinalowa ndi abambo. Munali mozizira bwino, ndipo ndinakweza maso mpaka khosi kuwawa. Amayi anatsala pakhomo, poti nkhuku salowa nayo m'nyumba yopemphereramo.

Potuluka tinakumana ndi wansembe wa ndevu zoyera. Anatipatsa moni m'Chinyanja n'kupitirira. Abambo ananong'oneza kuti, "Apatseni amenewa, mupumule."

"Awa sanatifunse n'komwe kumene tachokera," anayankha amayi.

Apo mtima wanga unagwa. Dzuwa linali litapendeka, zoti tione zinali zitatha, ndipo amayi sanakondwe ndi chilichonse. Abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango, navula jekete lija. Ndinawamvera chisoni.

Kenako amayi anatchera khutu. Kuseri kwa nyumba zina kunkamveka misi. Ananyamuka, ine pambuyo. Tinapeza atsikana a pasukulu ija, amsinkhu wanga, akusinja, ena akusadzula masamba, ndipo pakati pawo panali mayi wachikulire amene ankawayang'anira. Mayiyo atationa anaimitsa ntchito. Anatuma mtsikana kukatenga mphasa, wina kukatunga madzi akumwa, ndipo tinalonjerana bwinobwino, kuyambira kunyumba mpaka kumunda.

Pamenepo amayi anayamba kuona malo. Anavundukula miphika. Anafunsa kumene atsikana amasamba ndi kumene amatola nkhuni. Analowa m'nyumba yogona n'kuyang'ana denga ngati silidontha. Potsiriza anafunsa funso limene anachoka nalo kwathu.

"Mwana akatentha thupi, amayamba kudziwa ndani?"

"Ndine," anatero mayi uja. "Ndimagona nawo momwemu, pafupi ndi chitseko. Wodwala ndimamubereka ndekha kupita naye kuchipatala."

"Muli nawo anu?"

"Ndinali nawo anayi. Watsala mmodzi."

Ine ndinkangoyang'ana pansi, ndikutokosa mphasa.

Kenako amayi anagwada. Anatenga thadzi lija ndi manja awiri n'kulipereka. "Musaliphe, likuikira," anatero. "Lisiyeni liswe. Mwana uyu akadwala malungo sadya china koma msuzi wa nkhuku, ndiye musadzavutike kofuna."

Sanandiyang'ane. Ine ndinafuna kudumpha, komanso ndinafuna kulira, chifukwa ndinadziwa kuti avomera kudzandisiya kumeneko.

Titabwerera pamango paja, abambo anayang'ana m'khwapa mwa amayi, kenako anayang'ana ine. Anangovala jekete lawo n'kuyamba kuimba likhweru, ndipo mpaka imfa yawo ankanena kuti chimene chinagonjetsa amayi ndi makwerero aja.

Tinabwerera pa lole ya thonje imene inkalowera kwathu. Dzanja limene linanyamula thadzi tsiku lonse linalibe chogwira tsopano. Amayi anagwira nalo mkono wanga, ndipo sanausiye mpaka tinatsika pa Golomoti.