Matewera a pa Chingwe

Inu amene mwatopa ndi kuuzidwa kuti mutu wanu suyenda bwino, khalani pansi ndikuuzeni za mtsikana wina mtolankhani. Ngati kukhala pansi kukukanikani, imani chomwecho, nayenso kunkamukanika.

Tsiku limene anamuchotsa mu situdiyo, anakalirira m'chimbudzi cha pa wailesi. Ankawerenga nkhani za masana, maso n'kuthawira pa kangaude amene ankatsika pafupi ndi maikolofoni, n'kudumpha ndime yathunthu. Omvera anamva kuti nduna yatsegula mlatho, kenaka yagoletsa chigoli ndi mutu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma iye manyazi anamupha.

Anzake pantchito ankamutcha Kamvuluvulu. Pa msonkhano mwendo unkangogwedera, mnzake asanamalize kuyankhula iye wamudula kale pakamwa. Adokotala anali atamuuza kuti zimenezi zili ndi dzina, ADHD: ubongo umatola zonse nthawi imodzi, osasankha. Mankhwala ankamuthandiza, koma sanamusandutse munthu wina.

"Chemwali, ndatopa nanu," anatero mkonzi wa nkhani, bwana wake. "Mu situdiyo simudzalowanso."

Sabata yomweyo nkhondo inabuka m'tauni ina ya kumalire. Atolankhani otchuka aja anadwala mwadzidzidzi, uyu msana, uyo dzino. Kamvuluvulu anakweza dzanja asanaganize n'komwe.

"Pitani," anatero mkonzi. "Mneneri wa asilikali akamayankhula, muzimvetsera mawu onse, lipoti lizifika kuno nkhani zisanayambe. Mukaphonya kamodzi, ntchito yatha."

Musaganize kuti kunkhondo zinangoyera. Anamangirira chojambulira mawu m'khosi ndi chingwe kuti asachitaye, foni anaidzaza ma alamu. Chisoti chachitsulo ankachiiwalabe m'galimoto, dalaivala wake, bambo wachikulire wa imvi, n'kumamuthamangira nacho akudandaula. Lipoti ankalijambula, kulifuta, kulijambulanso, mpaka limveke.

Koma anadabwa ndi chinthu chimodzi. Mabomba akayamba kugwa, anzake ankasokonezeka, pamene iye m'mutu munkangoti zii. Ankaona pothawira, pomwe utsi wayambira ndi amene wagwa, zonse pamodzi.

Tsiku lina m'mawa mneneri anaitanitsa atolankhani m'kalasi ya pasukulu ina yopanda ana. Anawauza kuti dera la kutsidya kwa msewu waukulu lidzawombedwa ndi mizinga masana omwewo, chifukwa adani abisalamo. "Anthu wamba tinawasamutsa onse," anatero. "Mulibe ngakhale mmodzi."

Atolankhani onse maso anali pa mneneri. Kamvuluvulu anayesetsa, mayi wanga, anayesetsa. Anadzitsina pantchafu, anapondereza mwendo ndi dzanja. Koma maso anatulukabe pa windo, kudutsa msewu, kukatera pa khonde la nyumba ina yosanjikiza. Pa chingwe panali matewera. Pamene ankalowa m'kalasimo anali ataona chingwe chomwecho chili chopanda kanthu.

"Nanga matewera awo wachapa ndani?" mawu anangotuluka okha.

Ena anaseka. Mneneri anakwinya nkhope. "Mayi, khalani pansi. Ndi nsanza zakale zimenezo."

Apa mtima wake unagawikana. Akatuluka, aphonya mawu a mneneri, ndipo ntchito yatha. Akakhala, masana afika, mizinga igwera mwini matewerawo. Mantha anamugwira ndithu, koma miyendo inali itafika kale pakhomo.

"Mwanangu, uko n'kudzipha," anatero dalaivala.

"Dikirani pano, bambo. Injini musazimitse."

Anawoloka msewu chowerama, akudumpha magalasi osweka ndi mawaya. Pakhondepo matewera anali akudontha madzi. Anagogoda zitseko, kufuula kuti ndi mtolankhani, mpaka anamva kamwana kakulira pansi pa masitepe. M'chipinda chapansi anapeza mayi wongochira kumene ali ndi khanda, amuna awiri okalamba osatha kuyenda, ndi mabanja ena amene anakana kuwasiya. Malole osamutsa anthu anali atawadutsa osawaona.

Foni inalira. Anali mkonzi, ndipo mawu ake anali amoto.

"Nkhani zayamba. Lipoti lili kuti?"

"Bwana, lipoti palibe. Ndinatuluka mneneri akuyankhula."

"Ndiye mukudziwa kale kuti..."

"Ndikudziwa. Koma tamverani kaye izi." Anayandikiza foni pakamwa pa khandalo. "Ameneyu ali m'dera limene aliwombe masana ano."

Kulira kwa khandalo kunalowa mu foni. Kenaka mkonzi anati, "Musadule. Ndikukulumikizani pa wailesi pompano."

Kamvuluvulu anayankhula wopanda pepala m'manja. Anatchula msewu, mtundu wa nyumbayo, ndi anthu amene anali pamaso pake, mmodzimmodzi. Mayi uja anayankhula, okalamba nawonso anayankhula. Atolankhani amene anaseka aja anamva, n'kumuzungulira mneneri ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu.

Masana anafika, mizinga sinalire. M'malo mwake kunabwera malole ndi machira. Kamvuluvulu anathandiza kunyamula okalamba, ndipo khanda litakwera lole, anakhala pansi m'fumbi n'kulira ngati mwana. Foni italiranso, mkonzi anangofunsa kuti, "Mawa mudzatipatsa nkhani kuchokera kuti?"

Sindikunamizani kuti ADHD ndi masewera. Imavutitsa, imachititsa manyazi, ndipo thandizo la adokotala ndi lofunika. Koma inu amene akhala akukunenani kuti ndinu osokonekera, musadziweruze chifukwa cha chipinda chimodzi chimene munalepheramo. Yesani khomo lina, dzithandizeni ndi chilichonse chimene chingakugwireni dzanja, ndipo pitirizani. Osataya mtima, pali malo amene akusowa munthu wa mutu ngati wanuwo.